Wailesi Yoluma ndi Denga Langa

Lolemba

Makoma atha! Zidina zonse zili m'malo mwake, khomo lilipo, zenera lilipo, za chitseko tidzaona m'tsogolo. Chatsala ndi denga basi. Tikugonabe mu msasa umene tinazika galimoto itatitsitsa pa Fingoe pochokera ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, koma masiku a msasawo atha.

Vuto ndi limodzi: zidina ndi mvula sizimwerana madzi. Chizimalupsa chikangogwera makoma opanda denga, nyumba yanga ibwerera m'dzenje la matope m'mene inachokera. Mutu umodzi susenza denga, ndiye ndaitana dima Loweruka, anthu adzandithandize kufolera. Udzu ulipo, mkazi wanga Nabanda anamweta wokwanira. Mitengo ya phaso ilipo. Luzi lilipo. Mowa ndiye waperewera, chimera chakwana mbiya imodzi yokha.

Koma ine ndili ndi chimene ena alibe. Anzanga pobwerera kuno ananyamula malata, njinga, mbuzi, wina makina osokera. Ine ndinanyamula wailesi. Osati kawailesi ka m'thumba ayi. Chiwailesi cha makaseti awiri, nkhope yachitsulo yonyezimira, masipika awiri ofika m'chiuno, ndi batire ya galimoto! Ndauza mudzi wonse kuti mowa ukhala wochepa koma nyimbo zikhala mpaka miyendo ipemphe chifundo. Anthu avomera, poti kuno nkhondo inawaiwalitsa kuvina.

Zochita sabata ino:
kupukuta wailesi
kukadzazitsa batire ku chigayo
kusankha makaseti (rumba poyamba, kwaya anthu akatopa)
kusayankha alamu a Domingu

Alamu a Domingu ndi achimwene ake a Nabanda. Lero adutsa, ayang'ana makoma, ayang'ana kumwamba, akuti: "Anzawo anagula malata, alamu athu anagula phokoso." Ndili pachikamwini ine, ndangosekerera.

Madzulo ndivundukula bulangete limene ndimafunditsa wailesi, lija lotuwa la nayiloni tinalandira ku kampu. Ndipukuta nalo nkhope yonse mpaka ndikudziona. Nditambasula chala kuti ndiyatse. Tcha! Yandiluma! Sipika yati phaa, ine ndalumpha mpaka mutu wagunda mtanda wa msasa. Nyimbo ikubwera ndithu, koma pansi pake pali thethethe, ngati munthu akukazinga chimanga kuseri kwa oimba. Mwina yangotopa ndi fumbi. Mawa ndiyipukuta kwambiri.

Lachiwiri

Kwatentha, kwauma, milomo ikung'ambika. Mphepo ikungonyamula fumbi kuchoka pakhomo pa wina kukalisiya pakhomo pa wina.

Ndavala shati yanga yobiriwira ya nayiloni ndi nsapato za pulasitiki, ndakweza batire pa njinga yobwereka, ulendo ku chigayo. Munthu wochokera kunja ayenera kuoneka kuti anachokera kunja. Panjira aliyense funso ndi limodzi: "Loweruka nyimbo zilipo?" Zilipo, zilipo, bwerani ndi zikwanje!

Nditabwerako, ntchito yopukuta. Ndapukuta ndi bulangete pamwamba, pansi, m'mbali, masipika omwe, mawaya omwe. Ndagwira. Tcha! Kuposa dzulo. Ndapukutanso. Tcha! Chala changa cha mkomba phala chayamba kuopa chokha, chikumabwerera ndisanachiuze.

Amene ndikuwakayikira:
fumbi
mphemvu
batire
mnyamata uja anandigulitsa wailesi, anali ndi maso othamanga
nsanje ya anthu

Nabanda akubwera kuchokera ku chitsime, watula ndowa, akufunsa chimene ndikuvinira popanda nyimbo. Ndamuuza kuti agwire yekha aone. Wagwira kabatani, wapotoza uku, wapotoza uku, wasisita nkhope yonse ya wailesi. Palibe! Olo pang'ono! "Bambo ake Rozina, mwina ikudziwa amene anaigula m'malo mwa malata." Wapita kukaphika akuseka. Ndagwira ine. Tcha!

Ndatenga nthenga ya nkhuku, ndachotsa fumbi m'makona. Ndauzira mpweya mpaka chizungulire. Ku kampu ndinaona anthu akutsuka kamutu kosewerera kaseti ndi thonje lonyika mu kachasu, ndiye ndapita kukapempha kachasu pang'ono kwa alamu. Kulakwa kwanga kuli pamenepo. "Kachasu wa chiyani, inu simumwa?" Ndayankha kuti ndi wa wailesi. Aseka mpaka akhala pansi. Pofika madzulo mudzi wonse ukudziwa kuti wailesi ya mkamwini ikudwala ndipo yayamba mowa.

Kamutu kayera. Thethethe alipobe.

Lachitatu

M'mawa alamu afika ndi kalichero ka ufa, nkhope ili gwa ngati akupita ku mlandu. Akuti agona akuganiza. Akuti tonse titabwerera tinapita kumanda kukapereka moni kwa amene tinawasiya, ana obadwira kunja tinawatchula maina mmodzimmodzi. "Nanga aparelyu yanuyi, wailesiyi, munaitchula? Mlendo wolankhula chonchi walowa m'mudzi popanda odi, mukufuna asalume?"

Ndawakumbutsa kuti ife ndife a mpingo, Nabanda amaimba kwaya. Akuti ufa sulimbana ndi kwaya. Ndisanatseke pakamwa awaza kale: pamwamba pa wailesi, pa masipika, ndi kwina kumene sindinaone. Alankhula nayo mwaulemu ndithu, akuiuza kuti kuno ndi kwawo kwa mkazi wa mbuye wake, ikhale mwamtendere. Ine mtima uli m'mwamba, koma ndivomere, kamtima kena kakuti bwanji zikatheka?

Apita. Ndasasa ufa ndi bulangete. Ndagwira. Tcha!

Choipa china: ufa walowa m'kabokosi ka kaseti. Ndaika rumba yanga yabwino koposa, ija ndimasungira alendo. Oimba ayamba bwino, kenako akuimba ngati akumira, kenako zii. Ndikutsegula, tepi yonse yatuluka, yapiringizika ngati matumbo a nkhuku. Masana onse ndakhala ndikuibweza ndi kamtengo. Yabwerera, koma pakati pali malo amene woimba amachita chibwibwi.

Atsala makaseti:
rumba ziwiri zapakatikati
kwaya
ulaliki wina umene sindikumbuka kuti ndinautenga kuti

Anthu awiri atumiza mawu kuti Loweruka mwina akhala otanganidwa. Mwina! Ndikudziwa tanthauzo la mwina ameneyu. Chakumadzulo, cha ku Malowera uko, ndaona kamtambo. Nabanda nayenso wakaona, sitinauzane.

Lachinayi

Basi, ndapita kwa ophunzira. Aphunzitsi a Alubino ndawapeza pansi pa mtengo pamene pali sukulu pakadali pano, bolodi atakoloweka pa nthambi. Andimvetsera, agwedeza mutu, akuti: "Imeneyo ndi eletrisidade estatika, Sinyoro. Magetsi ongodzikundika okha zinthu zikamakhulana nyengo youma. Alibe njira yotulukira. Mangani fiyu, ndiye kuti waya, kuchitsulo cha aparelyu, mbali inayo muilowetse m'nthaka yonyowa." Amati apitirize, koma ana ayamba kumenyana kumbuyo, athamangira komweko.

Ndabwerera ndikuyenda ngati dokotala. Estatika! Matenda akakhala ndi dzina, theka lachira. Zokhulana ndazimva bwino: ndi tepi imene imakhula kamutu kaja, china n'chiyani?

Waya ndamasula pa msampha wa mbewa wa mwana wa eni ake, ndidzabweza. Chitsulo ndapeza cha bedi yakale imene inapsa nthawi ya nkhondo. Ndasankha malo kuseri kwa msasa, ndanyamula mwala, kho! kho! Ndikutembenuka, anthu onse amene anabwera kudzaonerera ali kutali, ena kuseri kwa nkhokwe. Mayi wina akukuwa: "Inu, nthaka ino simungoikhoma chisawawa, muli zinthu!" Ndawauza kuti pamenepa takhala tikusinjapo chaka chonse, likanakhalapo bomba bwenzi mtondo utapita kale kumwamba. Komabe kukhoma kotsalako ndakhoma mofatsa, maso otsinzina.

Tsopano madzi. Ndathira ndowa yonse pa chitsulo. Nthaka yamwa ngati sinaone kanthu. Ndathira yachiwiri. Nabanda waima, manja m'chiuno: "Madzi ndikutunga kutali ine, inu mukuthirira chitsulo. Chibereka liti?"

Ndayatsa ndi kamtengo, poopa. Mverani! Thethethe wachepa, oimba atuluka m'chiwaya, akumveka ngati anthu. Chimwemwe! Ndavina ndekha, ndaitana ana, ndaitana Nabanda, ndatumiza mawu kwa alamu kuti sukulu yaposa ufa. Ponyadira ndatenga bulangete, ndapukuta nkhope ya wailesi, ndagwira kuti ndikweze mawu.

TCHA!

Iyi ndiye sinali yoluma, inali yobaya. Ndaona kamoto ndi maso angawa, kabuluu, kuchoka pa chala kupita pa chitsulo. Dzanja lonse lachita dzanzi mpaka m'chigongono. Ndanena mawu amene munthu wa mpingo sanena pamaso pa ana. Ndiye kuti ndaipatsa njira, ndipo njirayo ikudutsa mwa ine.

Lachisanu

Ndatulukira! Ndipo ndikanakonda ndikanapanda kutulukira.

M'mawa ndikuchokera kosamba, wopanda nsapato, kansalu m'chiuno, thupi lonyowa. Ndaiwala mantha, ndagwira wailesi. Palibe. Ndagwiranso. Palibe! Ndaisisita ngati mwana. Ndati yachira usiku. Ndavala shati yobiriwira, ndavala nsapato, ndapinda bulangete bwinobwino, ndagwira. Tcha!

Ndakhala pansi. Ndavula zonse, ndanyowetsa manja, ndagwira: palibe. Ndavala, ndakhula bulangete: tcha! Ndabwereza mpaka Nabanda wafunsa ngati ayitane akulu a mpingo.

Ndiye kuti wailesi ilibe mlandu. Zokhulana zija ndi ine, shati yanga, nsapato zanga ndi bulangete. Sabata yonse ndakhala ndikudzaza magetsi m'thupi mwanga ndekha, kenako n'kumakayikira mphemvu. Nabanda siimuluma chifukwa amayenda chopondaponda pansi ndi manja a madzi. Ndamufotokozera zonse mwa sayansi. Akuti: "Ndiye mankhwala ake ndi kusiya kudzionetsera? Amenewo ndinali nawo kalekale, simunafunse."

Chabwino. Mawa:
nsapato ayi
shati yobiriwira ayi
bulangete libisidwe
ndowa ya madzi pafupi ndi wailesi
kuwaza madzi pansi m'mawa

Zatheka! Ndapita ku nyumba yatsopano kukasanja mitengo ya phaso ndikuimba mluzu.

Ndili komweko ndamva mfuu ku msasa. Ndathamanga, koma ndaima patali, chifukwa amene akukuwayo ndi apongozi anga aakazi, ndipo mkamwini safika pamaso pa apongozi ngati mbuzi. Nkhani ndaimva kwa Nabanda. Akuti amayi akewo anabwera kudzaona chimera, atavala nsapato zawo za pulasitiki za ku kampu. Apeza bulangete pa mphasa, alikutumula, alipinda, alisisita, akudandaula kuti ana a masiku ano sasamala katundu. Pofuna kulibwezera pa wailesi, tcha!

Ndati basi, ukwati watha, ndinyamule wailesi yanga ndizipita kwathu. Koma ayi. Nabanda akubwera akudzigwira pakamwa. Akuti dzanja la amayi lija la nyamakazi, limene silinakwere kupitirira phewa chibwerere kuno, polumpha analikweza mpaka kumwamba. Tsopano akuzungulira mudzi akulikweza, kuonetsa aliyense. Akuti aparelyu ya mkamwini wawo ili ndi jakisoni.

Kwa nthawi yoyamba apongozi anditumizira nkhuku. Amene anati mwina aja atumizanso mawu kuti abwera ndithu. Ndagona wokondwa, chitsiru ine.

Loweruka

Anthu! Sindinaonepo khamu lotere chibwerere. A m'mudzi muno, a kutsidya, okumba golide ochokera ku migodi, ngakhale agogo ena amene ndimayesa anamwalira. Koma zikwanje ndikuona zochepa. Ambiri agwira ndodo zoyendera.

Ndaima wopanda nsapato, malaya akale a thonje, pansi ndawaza madzi, rumba ikulira bwino. Ndalengeza kuti amuna ku phaso, amayi kutola udzu. Palibe wasuntha. Bambo wina akuti: "Nyimbo tazimva, zikomo. Jakisoni ali kuti?"

Ndafotokoza za estatika. Ndafotokoza kuti si mankhwala. Akugwira wailesi mmodzimmodzi, siikuluma, ayamba kung'ung'udza kuti mkamwini wabisa mphamvu, akufuna azilipiritsa. Kenako Nabanda akubwera, maso pansi: "Amayi akuti mutulutse bulangete." Mawu a apongozi ndi lamulo. Ndatulutsa.

Posakhalitsa atulukira okha kuti wovala nsapato za pulasitiki ndiye imamuluma bwino. Nsapato za apongozi ndi zazing'ono. Ndiye zanga! Nsapato zanga, zimene ine mwini ndazivula chifukwa cha denga, zavalidwa lero ndi mudzi wonse. Shati yobiriwira nayonso yatuluka, sindikudziwa anaipeza bwanji. Mzere wafika ku nkhokwe. Munthu avala, akhula bulangete, atsinzina, agwira, tcha! sipika phaa! anthu onse "Eeee!" ndi nthungululu. Wotsatira!

Odwala amene ndawaona:
a nyamakazi
a msana
wa dzino
wina wofuna mkazi wake abwerere
wokumba golide wofuna mwayi, wabwereza kangapo

Mbiya ya mowa yatha anthu akudikira pa mzere. Pa denga pali anthu angati? Ine, amuna awiri a ku mpingo, ndi alamu a Domingu. Inde, alamu omwewo! Akwera pamwamba, luzi kukamwa, akumanga phaso uku akunditukwana. "Mlongo wanga sagona pamvula chifukwa cha phokoso lanu, alamu. Patseni mtengo uwo!" Sindinawakondepo ngati lero.

Dzuwa litapendeka phaso latha, koma udzu sunakwere ngakhale mtolo umodzi. Ndipo mphepo yasintha. Yayamba kununkha dothi lonyowa, mitambo yadzaza mbali yonse ya ku Malowera, thukuta silikuumanso pathupi. Ku mzere kwabuka mkangano: jakisoni wafooka. Akhula, akhula, agwira, palibe. Chinyezi chalowa mu mpweya, estatika wathawa. Apongozi akuti anthu amaliza mphamvu ndi dyera.

Pamenepo wina wakweza mawu a wailesi. Abale, sinalirepo chonchi chiigulireni! Mbee, popanda thethethe ngakhale mmodzi, gitala aliyense payekha. Ndodo zoyendera zatayidwa, fumbi kobo, agogo aja akutyola chiuno. Ndikukuwa kuchokera pa denga kuti udzu, anthuni, udzu! Akundibayibitsa, akuyesa ndikuvina nawo.

Mmodzi yekha sakuvina, a Selemani, ogula golide amene amanga kasitolo kutsidya kwa mtsinje. Aima pafupi ndi sipika, akumvetsera mutu uli pambali. Nditatsika akuti: "Kumpadire, udzu uwu sukwera lero, ndipo mawa ukhala wonyowa. Ine ndili ndi lona yaikulu, ya galimoto ya katundu, ikwana nyumba yonseyi. Aparelyu ndilibe." Ndaseka, ndawauza kuti wailesi iyi inawoloka nane malire pamiyendo panga.

Dontho loyamba landigwera pamphuno ndisanamalize kuseka. Anthu abalalika, aliyense akuthokoza kuti fesita, phwandolo, inali yabwino.

Lamulungu

Mvula inangowaza pang'ono, koma yandionetsa. Kona ya kum'mawa yanyenyeka pamwamba, zidina zafewa ngati sopo wogonera m'madzi. Udzu wanyowa. Kumwamba kwada bii, ikubwerayo si yowaza.

Nabanda wafika pa makoma. Wayang'ana kona ija, wagwira dothi, walifinya m'manja, wapita kukakoleza moto. Akanandilalatira bwenzi zili bwino.

Ku tchalitchi sindinapite, Mulungu waona yekha chifukwa chake. Ndamasula waya ku chitsulo, ndabweza kwa mwini msampha. Wailesi pamutu, alamu masipika, batire pa njinga, ulendo kwa a Selemani kukasinthanitsa ndi lona. Panjira alamu sananene mwambi ngakhale umodzi, ndawathokoza mumtima. A Selemani ayiyesa, yalira mbee. Ndawapatsa makaseti onse, ulaliki womwe. Ndawalangiza kuti asamaipukute ndi nayiloni, asamaithire ufa, nyengo youma aziwaza madzi pansi. Ndinali ndikulankhulabe pamene alamu anandikoka dzanja.

Lona ndi yolemera, yonunkha dizilo, ili ndi chigamba pakati, koma yakwana mpaka kuphimba makoma. Takoka, tamanga, tatsendereza ndi miyala. Apongozi atumiza mawu ofunsa ngati bulangete lapita nawo. Ndayankha kuti atenge, ndi nsapato zomwe.

Masana yagwa. Yeniyeni, ya mabingu, madzi akuyenda pabwalo ngati mtsinje. Msasa wagwa mbali imodzi. Ife tili m'nyumba, mphasa zouma, mbewu zouma, ana akuthamanga kuchoka chipinda ichi kupita icho ngati zipinda zilipo khumi. Nabanda akuyendayenda akugwira makoma. Udzu tidzafolera ukauma, alamu alonjeza, ndipo akuti nthawi imeneyo pasakhale zoimbaimba.

Mvula itadukiza, kutsidya kwa mtsinje kwamveka rumba. Yoyera bwino, mpaka pamene woimba amachita chibwibwi paja. Rozina wathamangira pakhomo: "Ababa, wailesi yathu!" Ndamuuza kuti inde, zinthu zimenezi zimamveka bwino ukakhala patali.

Nabanda akuti kumaso kwanga kwanyowa. Ndamuuza kuti lona ikudontha. Wayang'ana kumwamba, pouma gwa, wandiyang'ana ine.

"Inde," akutero, "ikudontha."